NJANJI YATSOPANO PANSI PA MZINDA WA LONDON

Mverani za nchito yaikuru imene inacitika ku London.

Sitima zakhala zikuyenda pansi pa mzindawu kuyambira 1863, koma anthu anacuruka ndipo njanji zinacepa. Pamwamba malo panalibe cifukwa ca nyumba. Motero mu 2009 anayamba njanji ina ya pansi. Kuyambira 2012 kufikira 2015 makina 8 anaboola nthaka monga mfuko, nakumba mauna otalika mamailosi 26 onse pamodzi. M'mbuyo mwa makinawo anamanga makoma a simenti kuti dothi lisagumuke, pakuti likadagumuka, nyumba za pamwamba zikadang'ambika.

Pokumba siteshoni ya Liverpool Street anapeza manda akale a anthu oposa 3,000, ndipo anayamba afukula mafupawo mosamala asanapitirize kukumba.

Anafuna kutsegula njanjiyi mu 2018, koma masiteshoni ndi zipangizo zoongolera sitima zinacedwa. Sanalole kunyamula anthu zonse zisanayesedwe. Njanjiyi, dzina lace Elizabeth line, inatsegulidwa pa 24 May 2022. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.