Kugula Kompyuta ya Nyimbo Si Kugula Chilolezo

Nkhani ya madzulo ano ikuchokera ku Zomba, mzinda umene udali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975. Ikukhudza anyamata ndi atsikana amene amajambula nyimbo m'tizipinda ta ku Chinamwali, Matawale ndi Sadzi, m'munsi mwa phiri. Ambiri mwa iwowa sagula zipangizo zatsopano. Kiyibodi, maikolofoni ndi kompyuta amazipeza kwa mnzawo amene wasiya ntchitoyi, kapena kwa munthu wobwera nazo kuchokera ku Johannesburg.

Vuto limabisala m'kompyutamo. Pulogalamu yojambulira nyimbo sigulidwa monga m'mene munthu amagulira gitala. Wogula woyamba adangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho chidalembedwa m'dzina lake pa intaneti. Zili ngati galimoto: makiyi angathe kukhala m'thumba la wogula, koma buku la umwini likadali ndi dzina la mwini wakale. Kompyuta imagwira ntchito bwinobwino kwa miyezi ingapo. Tsiku limene yavuta, amisiri naifufuta kuti aikemo zonse mwatsopano, pulogalamu imafunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Pamenepo wogulitsa uja ali kutali, foni yake siikupezeka, ndipo nyimbo za kwaya imene idasonkha ndalama kwa chaka chathunthu zangotsekeredwa momwemo.

Makampani amasiyana malamulo. Ableton ndi Native Instruments, onse a ku Berlin, amalola mwini chilolezo kuchisamutsira m'dzina la munthu wina. Mapulogalamu ena amasunga chilolezo m'kachipangizo kotchedwa iLok, kofanana ndi fulashi, ndipo kusintha dzina kumeneko kumalira ndalama. Koma Image-Line ya ku Belgium, eni ake a FL Studio imene achinyamata amaikonda kwambiri, salola kuti chilolezo chigulitsidwe kwa wina. Wokweza mtengo wa kompyuta chifukwa choti muli FL Studio akulipiritsa mnzake chinthu chimene sangampatse. Chimodzimodzinso pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi: imeneyo ndi ya lendi.

M'chaka cha 2012 bwalo lalikulu la milandu la maiko a ku Ulaya, pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, lidagamula kuti wogula chilolezo chosatha ali ndi ufulu wochigulitsa, malinga ngati iyeyo aleka kugwiritsa ntchito pulogalamuyo. Chigamulocho sichifika kuno. Kwathu kuli lamulo la umwini wa zaluso la chaka cha 2016, limene limateteza mapulogalamu a kompyuta monga m'mene limatetezera nyimbo. Bungwe la COSOMA, limene lidayamba mu 1992, lakhala likumva madandaulo a oimba pa anthu owotcha nyimbo zawo m'misika. Komatu woimba wojambulira pa pulogalamu yakuba wachita zomwezo kwa mmisiri wina.

Tsono wogula wochenjera sathamangira kutulutsa ndalama. Amayamba wafunsa dzina limene chilolezo chidalembedwamo, napempha lisiti. Kenaka awiriwo amakhala pansi pamene pali intaneti, wogulitsa nasamutsa chilolezo wogula akupenya, nachotsanso pulogalamuyo pa kompyuta ina iliyonse imene watsala nayo. Ngati chilolezo nchosasamutsika, mtengo ukhale wa kompyuta yokha.