IMANI PANG'ONO PA ULENDO: Mawu amene mnzathu anayankhula pa msonkhano wa pachaka



Ndagwira ntchito m'boma zaka 20 ndipo ndayenda m'maboma ambiri. Koma tsiku lina mwana wanga wa Sitandade 7 atandifunsa kuti, "Ababa, kodi ku Mua kuli chiyani?" ndinasowa chonena. Pa Mtakataka ndadutsapo kosawerengeka, koma nthawi zonse ndili pa liwiro, maganizo ali pa msonkhano ndi pa alawansi. Manyazi anandigwira.

Choncho pa tchuthi ndinatenga banja langa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mangochi, osathamanga. Titadutsa pa Dedza tinalowa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Tinaima pamwamba n'kuona chigwa chonse, nyanja ikuoneka chapatali. Pamenepo sitinalipire ngakhale tambala.

Kutsika apo tinafika pa Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula m'chaka cha 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsapo malo a zachikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Ine wa digiri ndinali phee, kumvetsera mnyamata wotionetsa malowo ngati mwana wa Fomu 1.

Titafika ku Mangochi tinaima pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa nyanja yathuyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anatiphunzitsa za nkhondo ya 1914, koma ndinaimvetsa bwino nditagwira chitsulocho ndi dzanja langa.

Njala itatipweteka sitinapite ku hotela. Tinalowa m'kalesitilanti ka mabenchi, kumene mayi wina anatipatsa madzi osamba m'manja, nsima yotentha ndi chambo. Mayiwo anatiuza kuti chambo chikusowa chifukwa ena akupha tiana ta nsomba ndi maukonde a udzudzu. Zimenezi ndinaziwerengapo m'malipoti ku ofesi, koma zinandikhudza nditazimva kwa munthu amene fizi ya ana ake imachokera m'mbale ya chambo.

Anzanga, ambiri a ife timasaina makalata okhudza malo amene sitinawaonepo ndi anthu amene sitinadye nawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, pa ulendo wanu wotsatira muuzeni dalaivala aime ola limodzi. Chachiwiri, bungwe lathu lisonkhe ndalama zoti ana a Fomu 3 a pa sukulu yathu akaone Mua ndi Mangochi chaka chino chisanathe. Chopereka changa ndasiya kale kwa a Msungichuma.