MAU A CHINGEREZI OFANANA NKHOPE KOMA OSIYANA MAKOLO

Pa mayeso a Chingerezi pamabwera nkhani yoti asodzi adakhala pa "bank" kudikira bwato. Mwana amene amangodziwa banki yosungirako ndalama amayankha kuti asodziwo adapita kukatapa ndalama, ndipo malikisi amatayika pomwepo. Mwanayo si mbuli ai. Wapunthwa pa mau awiri amene adavala malaya amodzi.

Liu loti "bank" lotanthauza gombe la mtsinje lidalowa m'Chingerezi kuchokera kwa anthu a ku Scandinavia, amene adayamba kuthira nkhondo dziko la England m'chaka cha 793, ena mwa iwo nakhazikika komweko. "Bank" ya ndalama idadza patapita zaka mazana angapo, kuchokera ku Italy kudzera ku France. Osinthitsa ndalama a ku Italy ankachita malonda ao pa benchi lotchedwa "banca", ndipo dzina la benchilo ndilo lidasanduka dzina la nyumba yonse. Akatswiri amati kalekale mau awiriwa adali pachibale, koma adayenda njira zosiyana kotero kuti pokumana sadadziwanenso.

Alipo ena amene alibe chibale ndi pang'ono pomwe. Machesi amene mai amakolezera moto ndiponso "match" ya mpira imene anthu amaimvera pa wailesi, m'Chingerezi zimalembedwa chimodzimodzi. Loyambalo ndi la Chifalansa, chiyankhulo chimene chidabweretsa mau ochuluka ku England William wa ku Normandy atalanda dzikolo m'chaka cha 1066, ndipo linkatanthauza chingwe cha nyale. Lachiwirilo ndi la Angerezi eni ake, ndipo linkanena za mnzake wa munthu wolingana naye. Nchifukwa chake lidayenera magulu awiri oyesana mphamvu pabwalo.

Liu limene limanyenga ngakhale aphunzitsi ndi "ear". Mngerezi amatchula khutu kuti "ear", ndipo ngala ya tirigu kapena chimanga chimene chabereka paphesi amachitchulanso "ear". Mlimi akayang'ana m'munda mwake naona chimanga chitatulukira pambali pa phesi monga khutu pamutu, angalumbire kuti dzinalo lidachokera pamenepo. Maganizo otere ngokoma, koma si oona. M'Chingerezi chakale awa adali mau awiri osiyana. La khutu ndi mbale wake wa liu la Chilatini loti "auris", pamene la ngala ndi mbale wake wa "acus", kutanthauza mankhusu. M'kupita kwa zaka malilime a anthu adawapera mauwo mpaka adafanana, monga miyala iwiri yochokera m'mapiri osiyana imene madzi aisalaza mumtsinje umodzi.

Nayo "school" ili pawiri. Sukulu ya ana idachokera ku liu la Chigiriki lotanthauza nthawi yopuma, ngakhale ana a Sitandade 8 sangavomere zimenezi. Koma khamu la nsomba zosambira pamodzi, limene Angerezi amalitchulanso "school", lidachokera kwa Adatchi, ndipo nsombazo siziphunzira kanthu.

Omvera asaganize kuti vutoli ndi la Chingerezi chokha. M'Chichewa muli "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Koma Mchewa ali ndi mwai, pakuti poyankhula amakweza kapena kutsitsa liu, womva nazindikira msanga. Mngerezi alibe thandizo lotere. Iye amadalira mau oyandikana nalo m'chiganizo basi.

Tsono olemba madikishonale aakulu salumikiza mau otere pamodzi. Liu lililonse amalipatsa malo akeake ndi nambala yake, potsata kumene lidachokera. Wofufuza "sound" adzalipeza kanai: phokoso, kukhala wangwiro, mpata wa nyanja pakati pa mitunda iwiri, ndiponso kuyesa kuya kwa madzi ndi chingwe.