TEBULO LA PA SITIMA LIMASUNGITSIDWA MUNTHU ALI KUMTUNDA

Awa ndi mawu amene mnzathu wa nthambi ya ku Lilongwe adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu, pokonzekera ulendo wa pa sitima umene mamembala adagwirizana.



Komiti yokonza ulendo idandipempha kuti ndiyankhule pa mbali imodzi yokha, ndiyo ya chakudya. Za mapasipoti, za ndege yopita ku Durban ndi za zipinda zogona a Mlembi afotokoza kale. Ine changa ndi tebulo. Mwina ena mukuti nkhani yake njochepa, koma tikumbukire zimene tidagwirizana. Tidati pa ulendowu pakhale usiku umodzi woti tidzakhale pamodzi tonse, tidye, tithokoze aphunzitsi athu, ndiponso tikumbukire anzathu amene adatisiya. Usiku umenewo tikapanda kuukonzeratu tili konkuno, sudzachitika.

Ambiri mwa ife sitima imene timaidziwa ndi Ilala, imene idayamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi mu 1951. Sitima za alendo za pa nyanja yamchere nzosiyana kutali. Icon of the Seas, imene idayamba kunyamula anthu mu 2024, njotalika pafupifupi mamita 365 ndipo ikadzaza imatenga alendo 7,600. Sitima za kampani ya MSC zimene zimanyamuka ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique nzocheperapo, komabe iliyonse imanyamula alendo opitirira 2,000. Ndiye kuti khamu lokwana sukulu zingapo limamva njala pa ola limodzi.

Malo odyera m'sitima zoterezi alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi a bufe, kumene munthu amatenga mbale n'kudzigawira yekha. Achiwiri ndi chipinda chachikulu chodyera, kumene alendo amaperekeredwa chakudya atakhala pansi. M'sitima zambiri chakudya chamadzulo m'chipindachi chimadyedwa m'magulu awiri, ena molawirira, ena mochedwerapo, ndipo aliyense amapatsidwa tebulo lake lokhazikika. Amene tidadya mgaiwa ndi nyemba potsata belu la kusukulu kwathu sitidzavutika kumvetsa dongosolo limeneli. Malo a mitundu iwiri imeneyi mtengo wake uli kale m'tikiti, kupatula zakumwa zambiri.

Achitatu ndiwo mutu wa nkhani yanga: malesitilanti apadera. Amenewa ndi aang'ono, chakudya chake nchamtundu umodzi, monga nyama yootcha, zakudya za ku Italy kapena za ku Japan, ndipo amalipiritsa ndalama yapadera pamwamba pa tikiti. Mwambowu si wa lero. Sitima ya ku Germany yotchedwa Amerika idali ndi lesitilanti ya Ritz-Carlton mu 1905, ndipo Titanic, imene idamira mu 1912, idali nayonso ina yolipira padera imene ankaiyendetsa ndi Luigi Gatti. Kale zimenezi zidali za anthu olemera okhaokha. Kuyambira cha mu 2000, pamene kampani ya Norwegian idayamba kulola alendo kudya nthawi ndi malo amene afuna, malesitilanti otere adafalikira, mwakuti lero makampani akuluakulu onse ali nawo. Royal Caribbean ili ndi Chops Grille ndi Izumi, Norwegian ili ndi Cagney's ndi Le Bistro, Disney ili ndi Palo, ndipo MSC ili ndi Butcher's Cut ndi Kaito. Chenjerani pamenepa: si sitima iliyonse ya kampani imene ili ndi malesitilanti onsewo. Sitima zakale ndi zazing'ono zimakhala ndi ochepa. Choncho pofunsa tisamatchule dzina la kampani lokha, tizitchula dzina la sitima imene tidzakwere.

Nanga nchifukwa chiyani malowa amadzaza msanga? Tiyeni tibwerere m'kalasi ya masamu pang'ono, aphunzitsi athu ali pompano atikonza tikalakwa. Tiyerekeze kuti lesitilanti ili ndi mipando 60, ndipo mpando uliwonse umakhalidwa kawiri usiku umodzi. Amenewo ndi anthu 120. Ulendo wa mausiku atatu ndiye kuti anthu 360 okha ndiwo angadyemo, pakati pa alendo opitirira 2,000. Tsono ife tikubwera anthu 30, tikufuna kukhala pamodzi, pa ola limodzi. Tikupempha theka la chipinda chonse! Pempho lotere silingaperekedwe pakhomo pa lesitilanti 7 koloko madzulo, anthu atavala kale masuti. Ine pa sitima ina ndidaona banja lina likubwezedwa pakhomo lili ndi keke ya agogo awo m'manja. Wolandira alendo adali waulemu ndithu, koma mipando idalibe.

Kusungitsa malo kumatsegulidwa sitima isanayambe ulendo, pa intaneti kapena kudzera kwa ejenti amene adagulitsa matikiti. Tsiku lotsegulira limasiyana kampani ndi kampani, ndipo ena amaika patsogolo makasitomala awo akale. Chitsanzo chomveka bwino ndi cha Disney. Munthu amene akukwera koyamba amaloledwa kusungitsa patatsala masiku 75, pamene amene adakwerapo amayamba patatsala masiku 90 kapena kupitirira apo, malingana ndi maulendo amene adayenda, ndipo onse ayenera kukhala atamaliza kulipira tikiti. Kutsegulako kumachitika pakati pa usiku pa nthawi ya ku Florida, imene kuno ndi 6 kapena 7 koloko m'mawa. Phunziro lake nlakuti ife alendo atsopano timafika pamzere ena atasankha kale. Komanso membala mmodzi akachedwa kumaliza ndalama ya tikiti, akhoza kuchedwetsa gulu lonse. A Msungichuma, mawu amenewa ndakuyankhulirani.

Tsopano ndifike pa mfundo imene imasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino. Kulipira chakudya ndi kusungitsa tebulo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makampani amagulitsa chakudya cha m'malesitilanti apadera mwa mtolo, mwachitsanzo madzulo awiri kapena atatu pa mtengo wotsikirapo. Koma kwa makampani ena, wogula mtolo wotere amakasankha tsiku ndi ola atakwera kale sitima. Munthu amakhala ndi lisiti m'thumba, mtima uli m'malo, osadziwa kuti ola limene akufuna latengedwa kale. Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti ndalama kuvomerezedwa mu bajeti si ndiye kuti yafika ku dipatimenti. Timadziwanso kuti chimene sichidalembedwe sichidachitike. Choncho tisakhutire ndi mawu a pa telefoni. Tifunse kalata yosonyeza zinthu zinayi: dzina la lesitilanti, tsiku, ola ndi chiwerengero cha anthu. Kalatayo tiisindikize papepala, chifukwa intaneti ya pa sitima amalipiritsa ndipo si nthawi zonse imayenda bwino.

Usiku wake tisankhe uti? Madzulo amene anthu ambiri amalimbirana ndi a tsiku limene sitima yakhala panyanja osaima padoko, ndi a tsiku la phwando pamene alendo amavala zapamwamba. Usiku woyamba ndiwo umakhala ndi malo kawirikawiri, chifukwa anthu amakhala akumasula katundu, ndipo makampani ena amatsitsako mtengo usiku umenewo. Koma kwa ife, okalamba athu adzakhala atatopa ndi ulendo wa pandege. Tsiku lotsikira ku chilumba nalonso lili ndi zake. Ku Portuguese Island sitima imaima patali ndipo anthu amapita kumtunda pa timabwato, kotero kuti pobwerera pamakhala mzere, ndipo munthu amafika ali mchenga wokhawokha. Tikasankha tsiku limenelo, tisungitse ola lochedwerapo. Tionenso ndondomeko ya zisudzo za madzulo, kuti wina asadzasiye nyama m'mbale pothamangira gule.

Za ndalama ndinene mosabisa. Zogula za m'sitima zonyamuka ku Durban zimawerengedwa m'madola a ku America, ndipo zimalembedwa pa khadi limene mlendo aliyense amapatsidwa, n'kudzalipira pamapeto. Tonse tikukumbukira kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene adalipiriratu zisanachitike zimenezo adapulumuka, pamene amene adati ndikalipira komweko adapeza kuti nyama yomweyo yakwera mtengo iye ali mtulo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kuonjezera apo, mtengo wolipiriratu nthawi zambiri umakhala wotsikirapo poyerekeza ndi wa m'sitima. Tifunsenso ngati mtengo umene tauzidwa ukuphatikiza ndalama ya operekera chakudya, pakuti makampani ena amaonjezera 18 kapena 20 peresenti. Zakumwa kawirikawiri sizikhalamo, ndipo pa mndandanda wa zakudya pamakhala zina zolipira mwapadera ngakhale kwa amene adagula mtolo. Pomaliza, tidziwe lamulo la kusintha maganizo. Ambiri amafuna kuti munthu anene patatsala maola 24, apo ayi amadula ndalama.

Popeza tikuyenda monga gulu, tisasungitse aliyense payekhapayekha. Makina a pa intaneti salola tebulo la anthu ochuluka chonchi, ndipo tikatero tidzapezeka ena 6 koloko, ena 9 koloko. Makampani ali ndi ofesi yoona za magulu, ndipo kwa ambiri gulu limayambira pa zipinda 8. Ejenti wathu alumikize manambala a matikiti athu onse kuti adziwike kuti ndi a gulu limodzi, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye aziyankhula m'malo mwathu. Tisayembekezere tebulo limodzi lalitali ngati la ukwati. Matebulo atatu kapena anayi oyandikana ndi okwanira.

Pa msinkhu tafikawu, ena tili ndi shuga, ena BP, ena sitidya nkhumba, ena nsomba za m'nyanja yamchere zimatitupitsa. Ophika a m'sitima amatha kukonza zoyenera aliyense, koma amafuna kudziwitsidwa ulendo usanayambe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Lembani zimenezi pa pepala limene likuzungulira, ndipo a Mlembi adzasunga chinsinsi. Amene mukutenga ana mufunse za msinkhu, chifukwa malo ena, monga Palo ija, salola munthu wosakwana zaka 18. Kabudula ndi patapata zisiyeni kuchipinda.

Zikavuta, malo n'kupezeka atadzaza, njira ilipobe. Makampani ambiri amasungako matebulo ena kuti agawidwe m'sitima momwemo. Nthumwi yathu ikangokwera, isanapite n'kuchipinda komwe, ikaonane ndi woyang'anira malesitilanti. Ikhale yokonzeka kulandira ola lolawirira kapena lochedwa, ngakhalenso nkhomaliro, pakuti ena amatsegula masana pa tsiku limene sitima ili panyanja. Koma imeneyi ikhale njira yomaliza.

A Pampando, ndisanakhale pansi ndinene chinthu chimodzi chimene chili kumtima kwanga. Palibe amene adzagone ndi njala chifukwa chosalowa m'lesitilanti yapadera. Chakudya cha m'tikiti nchambiri ndiponso nchabwino. Ifeyo tikufuna chipinda chapaderacho chifukwa ndi chachete, moti aphunzitsi athu akaima kuyankhula tidzawamva. Koma matumba athu sali ofanana. Ena mwa ife akulipirira ana kuyunivesite, ena adapuma ntchito, ndipo tikitiyo aipeza movutikira. Zidzakhala zochititsa manyazi ngati usiku umene tidati ndi wa umodzi, theka lidzakhale ku nyama yootcha, theka lina lili ku bufe likunamizira kutopa. Tidavala yunifolomu imodzi, tidadya m'mphika umodzi.

Choncho ndikupempha msonkhano uno uvomereze zinthu zitatu. Choyamba, mtengo wa chakudya cha usiku umenewo ugawidwe ndi kusonkhedwa pamodzi ndi ndalama ya tikiti, ndipo amene angathe kuonjezerapo apereke kwa a Msungichuma mwakachetechete, kuti pasatsale munthu. Chachiwiri, chakudya cha aphunzitsi athu chilipiridwe ndi thumba la bungwe. Chachitatu, tisankhe lero lomwe munthu mmodzi woti alembere ejenti sabata ino, afunse tsiku lotsegulira kusungitsa malo, ndipo adzatiwerengere yankho lake pa msonkhano wa komiti ukubwerawu.

 Mulungu adalitse sukulu yathu.