Njoka ya pa Melita ndi Maso Athu



Pa Machitidwe 28, Paulo atapulumuka ngozi ya ngalawa anafika pachilumba cha Melita. Akusonkhezera moto, njoka inamuluma dzanja. Eni chilumba anagamula kuti ndi chigawenga chimene chilango chachipeza. Ataona kuti sakutupa, sakugwa, anatembenuka n'kumutcha mulungu. Kodi Paulo anasintha? Ayi! Anali yemweyo. Chinasintha ndi zimene zinachitika pamotopo.

Abale anga, ifenso timatero ndi andale. Mu 2009, nkhokwe zitadzaza chifukwa cha makuponi a feteleza, tinavotera malemu Bingu wa Mutharika mwaunyinji, ena n'kumawatcha Mose wa lero. Pa 20 July 2011, mafuta atasowa, misewu ya Blantyre yomweyi inadzaza ndi zionetsero. Sindikuti atsogoleri salakwa, amalakwa ndithu. Koma dzifunseni: timayeza munthuyo, kapena timayeza m'mimba mwathu?

Ine ndemwe ndinagwapo. Wandale wina anatigulira malata a tchalitchi nthawi ya kampeni. Ndinaima paguwa n'kunena kuti uyu ndiye munthu wa Mulungu. Sindinafufuze mbiri yake, ndinangoona denga losadontha. Chisankho chitatha, foni yake inasiya kuyankhidwa. Ndinalapa pamaso pa mpingo, chifukwa nkhosa zinatsata mawu anga.

Pamaliro, wogula bokosi amaoneka mngelo. Wolankhula chiyankhulo cha kwanu amaoneka woona. Wovala nsalu ya chipani china amaoneka wakuba asanatsegule n'komwe pakamwa. Amayi, abambo, chisoni, njala ndi mtundu ndi magalasi okhota.

Tsono musaweruze muli pamoto. Dikirani kuche. Funsani: zimene analonjeza zaka zisanu zapitazo zili kuti? Zimene wanena ku Ndirande, akazinenanso chimodzimodzi ku Mzuzu? Makamera akachoka, amabwerabe? Mtengo sitiudziwa ndi maluwa a tsiku limodzi, timadikira zipatso.

Ikani dzanja pamaso panu tipemphere. Atate, tichotsereni nkhungu ya njala ndi tsankho. Tisanyoze wokhulupirika chifukwa nthawi yavuta, tisakweze wonyenga chifukwa watipatsa thumba la ufa. M'dzina la Yesu, amene wandimva anene Ameni!