Chuma Chathu ndi Phiri la Michesi



Ife kuno ku Phalombe chuma chathu ndi chimanga, nandolo, mbuzi ndi nsomba za ku Chilwa. Koma mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, nakokolola nyumba, minda ndi anthu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatipwetekanso. Maulendo onse awiriwo, Ramadhani inatipeza tili pa maliro.

Mtetezi ndi Allah, inde, komatu anatipatsanso nzeru. Tisamange nyumba m'njira ya madzi. Tileke kuotcha makala m'phirimo, pakuti mitengo ndiyo imagwira nthaka. Ndipo zakaati yathu iyambire kwa mnansi amene nkhokwe yake inapita ndi madzi. Tisadikire kuti achite kupempha.

Allah alandire kusala kwathu. Idi Mubaraka!