Funsani Musanatseke: Zimene Tikuphunzira pa Nkhani ya Essure

Amene muli kumbuyoko senderani kuno, nkhani ya lero si yofuula.

Ena mwa inu mwamva pa foni kuti ku America kunali njira yolera yoika m'thupi imene inavulaza amayi, ndiye mwayamba kuda nkhawa ndi njira yanu yapamkono. Nkhaniyo ndi yoona, koma chimene chinavulaza anthucho si chimene chili pamkono panu. Dzina lake ndi Essure.

Taonani kasipuling'i aka, ndakachotsa mu bolopeni. Essure inkaoneka motere, kutalika masentimita 4, yopangidwa ndi tizitsulo ndi ulusi wa pulasitiki. Dokotala sankang'amba pamimba. Ankadutsira kunjira ya amayi, n'kuika kamodzi m'chubu cha kumanja, kena m'chubu cha kumanzere, mmene mumadutsa dzira popita m'chiberekero. Pa miyezi itatu mnofu unkamera mozungulira tizitsulo tija mpaka njira kutsekeka. Kutsekeka kwake kunali kwa moyo wonse.

Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza njirayi mu 2002. Amayi anaikonda chifukwa panalibe opaleshoni, ankabwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo ambiri sanaone vuto. Koma ena masauzande anayamba kudandaula: kupweteka m'chinena kosatha, kutaya magazi ambiri, zidzolo kwa amene thupi lawo limadana ndi chitsulo cha nickel. Kwa ena kachitsuloko kanaboola chubu kapena chiberekero n'kukapezeka m'mimba. Ena anatengabe pakati.

Apa ndiye mumvetsetse. Chinthucho chinapangidwa kuti chisadzachoke. Mayi akati "ndichotseni, ndikuvutika," dokotala sakanangochisolola, chifukwa mnofu unali utachigwira. Nthawi zambiri ankachotsa machubu, pena chiberekero chonse. Amene anathawa opaleshoni yaing'ono anakumana ndi yaikulu.

Amayiwo sanakhale chete. Anapezana pa Facebook, n'kumadandaula kuboma. Mu 2016 FDA inalamula kuti pakhale chenjezo lamphamvu ndi pepala la zoopsa zake loti mayi awerenge ndi dokotala asanavomere. Kampani ya Bayer, yopanga Essure, inasiya kuigulitsa m'maiko ena mu 2017, ndipo ku America kumapeto kwa 2018, ikunena kuti malonda atsika. Mu 2020 inavomera kulipira ndalama pafupifupi madola 1.6 biliyoni pa madandaulo pafupifupi 39,000, ngakhale sinavomere kulakwa. Lero Essure sigulitsidwanso.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Implanon ndi kandodo kamodzi ka zaka zitatu, Jadelle ndi tiwiri ta zaka zisanu. Timakhala pansi pa khungu la pamkono, sitipita m'machubu, ndipo mutha kutikhudza ndi chala. Mukafuna mwana, kapena mukaona kuti sitikukuyanjani, anamwino amatichotsa, chonde n'kubwerera. Vuto lake lodziwika ndi kusokonekera kwa msambo: ena amadontheza, ena amasiya kusamba. Zikakuvutani bwerani, musakachotsetse kwa munthu wa lezala. Ngati mukumwa mankhwala a TB kapena a khunyu munene, chifukwa ena amafoola mphamvu ya njirayi. Lupu nayo imachotsedwa.

Njira zosabwezeka zimene tili nazo ndi ziwiri: kutseka kwa amayi, kumene amacheka pang'ono pansi pa mchombo n'kumanga ndi kudula machubu, ndi kutseka kwa abambo. Abambo, ndikuona mukuyang'ana pansi. Kutseka kwanu n'kosavuta kuposa kwa amayi, ndipo mphamvu ya m'nyumba siichepa. Kungoti miyezi itatu yoyamba mugwiritse ntchito kondomu kapena njira ina, poti mbewu zakale zimakhala zisanatheretu.

Njira zimenezi n'zabwino kwa amene atsimikiza kuti ana akwana. Koma musasankhe muli pa ululu wa kubereka, kapena chifukwa mwayambana m'nyumba, kapena poti apongozi anena. Amene amatseka asanakwane zaka 30 ndi amene amadzadandaula kawirikawiri. Ndipo kutseka sikuteteza ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Mukatseka, n'kuona thupi likutentha, bala likutupa kapena kutuluka mafinya, thamangirani kuchipatala. Mukadumphitsa msambo n'kumamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'mimba, musadikire kuti kuche. Ikhoza kukhala mimba yokhala m'chubu, ndipo imapha msanga.

Safunsa anadya phula. Musanalole chilichonse kulowa m'thupi mwanu, funsani dzina lake, zaka zimene chikhale, mavuto ake, komanso amene adzachichotse chikakuvutani ndi mmene adzachichotsere. Zonsezi zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndi tsiku lochotsa lomwe. Wazaumoyo akakwiya ndi mafunso anu, musasaine, pitani kwa wina. Thupi ndi lanu.

Amene muli ndi mabuku anu pano, ndiwaona tikamaliza, mmodzimmodzi kuseri kwa tchalitchi, kuti tione ngati zaka za njira yanu zisanathe. A Mfumu, ndi chilolezo chanu, ndilandire mafunso.